Ndinapita ku Bangwe Kukaona Ndekha

Zingwangwa, Lachisanu madzulo

Yankho mwana wanga,

Ndathawira kuno ku shedi chifukwa m'nyumba mulibe pokhala. Azakhali ako ndi amayi a kumpingo adzaza pabalaza, ena akusenda anyezi kuseri, ena akusita zovala za operekeza akwati. Amayi ako andiuza kuti ndikungowapinga. Ndiye ndatenga kope ndi cholembera, ndakhala pa benchi yanga yogwirirapo ntchito dzuwa lisanalowe. Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi. Maso a munthu amene wawotcherera zitsulo zaka zonsezi satsatanso mzere bwinobwino.

Za banja alangizi akuuza kale, sindibwereza. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya tchalitchi chimene ukukalowa limodzi ndi Limbani. Ukudziwa kuti ndinakana ukwati umenewu miyezi isanu yathunthu. Ukudziwanso kuti tsiku lina ndinangofika pakhomo n'kunena kuti ankhoswe apitirize. Chimene sukudziwa ndi chifukwa chake, cha kukanako ndi cha kuvomerako. Sunandifunse, ndipo unachita bwino, pakuti pakamwa sindikanatha kufotokoza. Lero mtima wanga uli m'malo, ndiye ndingathe kulemba.

Uli ndi zaka ziwiri tinkakhala ku Ndirande, m'kanyumba ka lendi kumtunda kwa msika. Ntchito inali itandithera ku kampani, shedi ino ndinali ndisanaiyambe, ndinkangoyendayenda ndi makalata m'manja. Mnzanga wina ananditengera ku mapemphero a masana amene ankachitikira m'nyumba ya bambo wina dzina lake Lufeyo. Aliyense ankangomutcha Mtumiki. Ine ndinakulira m'tchalitchi, kalasi ya katekisimu ndinakhoza bwino, ndipo ndinkadziona wochenjera pa za Malemba. Milungu itatu ndinakhala pakona n'kumamvetsera ngati wapolisi, kudikira kuti aphonye mawu. Sanaphonye. Za Yesu, za mtanda, za kuuka kwa akufa, zonse ankanena monga mmene abusa athu ankanenera, kungoti iye ankazinena mokoma kuposa. Ndinauza amayi ako kuti, "Munthu uja ndamuyesa, alibe bodza." Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko, Yankho. Ndinayesa mawu ake, koma sindinayese mmene ankagwirira anthu.

Poyamba zinali zokoma. Atamva kuti kwathu ufa watha, anthu a gululo anabwera ndi ndowa yodzaza. Wina anandipezera ganyu yowotcherera geti. Munthu amene wakhala miyezi ukuonedwa ngati mphepo, ukapeza anthu okutchula kuti m'bale, mtima umasungunuka. Kenako mapemphero aja anasamukira Lamulungu m'mawa, nthawi yomweyo ya tchalitchi chathu. Kenako tinauzidwa kuti matchalitchi onse ndi manda opaka laimu, otsala enieni ndi ife tokha, anthu osakwana makumi anayi. Lachinayi lililonse munthu ankalowa yekha kuchipinda kwa Mtumiki kukaulula zonse, machimo, maloto, ngakhale zimene wakangana ndi mkazi wake. Iye ankalemba m'kope. Ukayamba kuvutavuta, nkhani yako ija inkatuluka mu ulaliki, osatchula dzina, maso ali pa iwe. Ulendo uliwonse wotuluka m'tauni unkafunika kukadalitsidwa kaye, kutanthauza kuti kukapempha chilolezo.

Amayi ako anapitako kawiri n'kusiya. Anandifunsa kuti, "Bambo a Yankho, mapemphero anji ofuna chilolezo kuti munthu akaone abale ake?" Ndinakanena zimenezi Lachinayi. Mtumiki anati mkazi wanga ndi chopinga chimene mdani waika m'nyumba mwanga. Kuyambira pamenepo panali masiku amene ndinkakana kudya chakudya chawo. Iwo ankangochivundikira n'kuchisiya patebulo.

M'gululo munali bambo wina wosoka nsapato, munthu wanthabwala, amene ankakonda kukunyamula paphewa tikamatuluka. Tsiku lina anafunsa funso pagulu, mwaulemu ndithu. Anati, "Mtumiki, ife tikalakwa mumatidzudzula ndinu. Nanga inu mukalakwa amakudzudzulani ndani?" Sabata yotsatira tinauzidwa kuti ali ndi chiwanda, ndipo aliyense womupatsa moni adzatenga chiwandacho. Ndinakumana naye pamsika, iye anandiitana dzina langa. Ine ndinayang'ana pansi n'kudutsa. Zaka zapita zambiri, koma mpaka lero ndikaona munthu wosoka nsapato pambali pa msewu, manyazi amandigwira.

Tsopano ndikuuze za agogo ako, amayi anga, chifukwa umadziwa kuti anamwalira uli wamng'ono koma sudziwa kumene ine ndinali. Uthenga unabwera kuchokera kumudzi ku Chiradzulu kuti adwala kwambiri. Ndinapita kukapempha kuti ndidalitsidwe. Mtumiki anati tili pakati pa kusala kudya, ndipo mmodzi akachoka, chitetezo cha onse ching'ambika. Anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Mulungu wandiuza, amayi ako achira." Ndinakhala. Amayi ako anakubereka kumbuyo n'kupita okha ndi azakhali ako a Esinati. Patapita masiku asanu ndi anayi uthenga wina unabwera, wa maliro. Ndinathamangira kwa Mtumiki. Ndinati, "Paja munati achira?" Iye sanagwedezeke n'komwe. Anati, "Chikhulupiriro chako chinali ndi ming'alu. Ndipo kumaliroko usapite, kukachitika zachikunja." Ndinamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona munthu wamba atakhala pa mpando, ndevu zili ndi nyenyeswa za buledi, pakati pa kusala kumene anatilamula. Ndinatuluka, ndinayenda wapansi mpaka ku Limbe, n'kukwera minibasi. Ndinafika anthu akuchokera kumanda. Azakhali ako anandiperekeza kukaona mtumbira. Sanandikalipire. Anangoti, "Achimwene, ankafunsa za inu mpaka Lachiwiri. Kenako anasiya kufunsa."

Kutuluka kunalinso ndi zake. Anthu aja a ndowa ya ufa ankawoloka msewu akandiona. Zimene ndinaulula kuchipinda zinayamba kumveka pa mjigo. Choipa kwambiri chinali chakuti Mtumiki ankanena kuti wotuluka m'gululo samaliza chaka ali moyo. Ndinkadziwa kuti ndi bodza, koma mutu ukangondipweteka pang'ono, ndinkati basi, zayamba. Chaka chitakwana, amayi ako anapha nkhuku. Ndinawafunsa kuti kuli mlendo wanji. Anati, "Mlendo ndinu. Mwamaliza chaka."

Chimenecho ndiye kagulu kampatuko, mwana wanga. Usakakafune m'mawu okha, pakuti nthawi zina mawu ake amakhala oyera kuposa a m'tchalitchi chachikulu. Ukakayang'ane zimene zimachitikira munthu wofunsa funso, ndi zimene zimachitikira munthu wofuna kuchoka. Usaiwale zimenezo.

Ukanaganiza kuti pamenepo ndinachenjera. Ayi, ndinangogwera kumbali inayo. Nditabwerera kutchalitchi chathu, chilichonse chosiyana ndi zathu ndinkachiona ngati cha Lufeyo. Uli ku pulayimale, titasamukira kale kuno ku Zingwangwa, azakhali ako a Esinati analowa mpingo wina ku Chilomoni. Anabatizidwanso mumtsinje, n'kuyamba kunena kuti amene anangowazidwa madzi pamutu ubatizo wake ndi wosakwanira. Ine ndinakwiya. Ndinawauza kuti alowa za Sataniki, ndipo asadzapondenso pakhomo panga kudzasokoneza mwana. Zaka zinayi, Yankho. Uyenera kuti ukukumbukira, pakuti unkandifunsa kuti azakhali anapita kuti, ine n'kumakuyankha kuti atanganidwa. Tsiku lina anatulukira pano pa shedi atanyamula mbaula yothyoka mwendo. Ku Chilomoni owotcherera aliko ambiri, koma anakwera nayo maminibasi awiri. Ndinailandira osawayang'ana kumaso. Iwo anakhala pa benchi ino n'kumandionerera. Kenako anati, "Achimwene, kutchalitchi kwathu palibe amene anandiletsapo kubwera kuno. Abusa athu amachita kundifunsa kuti mlongo wanu uja munagwirizana naye? Woletsa ndinu." Ndinayankha kuti chiphunzitso chawo n'cholakwika. Anati, "Mwina. Titsegule Baibulo tikangane mpaka mawa. Koma kukana m'bale wako chifukwa akupemphera kwina, munaziphunzira kuti? Inu munatuluka kwa Lufeyo, koma Lufeyo sanatuluke mwa inu." Ndinazimitsa makina. Sindinathe kumaliza mbaula ija tsiku limenelo.

Mpaka lero ine ndi azakhali ako sitigwirizana za ubatizo. Iwo amati tsiku lina adzandimiza okha mumtsinje wa Likhubula, ine ndimati akulakwitsa, ndipo ndimakhulupiriradi kuti akulakwitsa. Koma munthu wolakwitsa chiphunzitso si mdani, ndipo mpingo wake si kagulu kampatuko chifukwa cha zimenezo zokha. Mawu akuti Sataniki ndi opepuka pakamwa, koma ine anandidyera zaka zinayi za mlongo wanga. Kumene ukupitako udzamva anthu akuponyerana mawu amenewa mwachisawawa. Iwe usafulumire nawo.

Komabe usaganize kuti ndikuti chiphunzitso chonyenga n'chinthu chaching'ono. Chimavulaza, ndipo chimapezeka ngakhale m'tchalitchi chathu chomwechi cha njerwa ndi belu. Nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, tinali pa mapemphero a m'dera kwa banja lina ku Nkolokosa. Mkulu mnzanga, wachikulire kuposa ine, anaphunzitsa kuti mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake apirire, umenewo ndi mtanda wake, akachoka wachimwa. Pa mkeka panali mayi wina diso litatupa, atalibisa ndi duku. Ndinamuona, ndipo ndinadziwa kuti zimene zikunenedwazo Malemba sanena choncho. Koma ndinakhala chete. Mumtima ndinkati kuno si kwa Lufeyo, kuno ndi kutchalitchi chenicheni, zinthu sizingalakwike kwambiri. Mayi uja anabwerera kunyumba kwake ndi mawu amenewo. Patangopita mwezi tinakamuona kuchipatala mkono uli mu pulasitala. Apa m'pamene ndinalankhula pa msonkhano wa akulu. Kunali mkangano woopsa, mkulu uja anamenya tebulo, ndipo miyezi iwiri sankandipatsa moni. Koma palibe amene ananditcha wachiwanda, palibe amene anandichotsa. Abusa anaimirira pa guwa n'kukonza nkhaniyo pamaso pa mpingo wonse. Taona kusiyana kwake, Yankho. Bodza linalipo, linapweteka munthu, koma panali malo olitsutsira, ndipo linagonja. Cholakwa changa chinali kuchedwa mwezi wathunthu. Iwe usadzachedwe. Ndipo popeza ukulowa m'banja, ndinene mosabisa: munthu aliyense, kaya wavala kolala ya ubusa kaya ayi, akadzakuuza kuti kumenyedwa ndi mtanda wako, akunama.

Tsopano ndifike pa Limbani. Mnyamatayo sindinamude. Tsiku limene anabwera koyamba, anaona kuti ndikulimbana ndi felemu lolemera, anavula jekete n'kugwira mbali ina osadikira kuuzidwa. Koma nditamva kuti amapemphera ku Bangwe, m'kalasi ya sukulu, ku mpingo umene dzina lake ndinali ndisanalimvepo, ndiponso kuti achinyamata amatchula abusa awo kuti Dadi, ndinakumbukira Lufeyo n'kukana ukwatiwo. Kenako linafika tsiku lija unabwera kuchokera ku mapemphero awo n'kunena, ngati nkhani wamba, kuti mwina uyesa kusiya kopopera kako ka mphumu, uone ngati chikhulupiriro chako chakula. Ukukumbukira mmene ndinakalipira. Unalira, unadzitsekera kuchipinda, ndipo unaganiza kuti bambo ako ndi munthu wouma mtima. Iwe unkaona bambo wokalipa, koma ine ndinkaona kanyumba ka ku Ndirande kakubwerera kudzatenga mwana wanga. Iwe amene ndinakuthamangitsirapo kuchipatala milomo itada, kupuma kukumveka ngati wezulo.

Amayi ako ndi amene anandiwongola, monga mwa masiku onse. Anati, "Mwakalipa miyezi isanu, chasintha n'chiyani? Kwa a Esinati munaweruza musanaone. Bwanji osapita kukaona nokha?" Choncho Lamulungu lija unapita ku Lilongwe ku ukwati wa mnzako, ine ndinavala jekete, ndinakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukweranso ya ku Bangwe. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, maondo atapanikizika pa desiki ya ana. Limbani anali kutsogolo akuimba kiyibodi. Atandiona anaphonya nyimbo.

Abusa awo, a Nampinga, ndi munthu wamfupi wa mawu aakulu. Analalikira za machiritso, ndipo ndinamva ndi makutu anga zimene unanena zija. Anati matenda okhalitsa amasonyeza kuti chikhulupiriro n'chochepa, kapena kuti kumtundu kuli temberero. Pomaliza anapempha alendo kuti aimirire adzitchule. Ndinaimirira. Ndinati, "Abusa, ine ndine mlendo, ndachokera ku Zingwangwa, ndipo ndili ndi funso. Mwana wobadwa ndi mphumu, chikhulupiriro chake chinachepa liti?"

Ine ndinkadikira zimene ndimazidziwa, maso aukali, anyamata awiri kubwera kudzandigwira mikono, mawu akuti chiwanda. Koma mayi wina wonenepa amene anakhala kutsogolo, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi Mayi Likoswe, anatembenuka n'kunena kuti, "Afunseni bambo, ifenso tinawafunsapo. Ine mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndimamwa m'mawa uliwonse, ndipo abusa akudziwa." Anthu anaseka. Abusa nawonso anaseka, ngakhale kunali kuseka kwa munthu wogwidwa manyazi. Anati, "Bambo, ine sindinauzepo munthu kuti ataye mankhwala." Ndinati, "Simunanene, koma mwana wanga anamva choncho, ndipo akufuna kusiya." Abusa anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ngati anamva choncho, ndiye kuti pali choti ndikonze. Mukhale kaye, tikambirane tikaweruka."

Tinakhala pansi pa mtengo panja pa sukulupo, aliyense ndi Baibulo lake pamwendo, mpaka dzuwa linapendeka. Sitinagwirizane, ndikuuze zoona. Iwo akukhulupirirabe kuti wokhulupirira mokwanira amachira nthawi zonse. Ine ndikuti si choncho, pakuti ndaika m'manda anthu opemphera kuposa ine ndi iwo tikaphatikizana. Koma anandimvetsera, pena ankati, "Apo sindinaganizepo," ndipo analonjeza kuti Lamulungu lotsatira alengeza kuti munthu asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha ulaliki wawo. Unaliko tsiku limenelo ndipo unabwera n'kundiuza mosangalala. Tsopano wadziwa kumene zinachokera.

Ndisananyamuke ndinawafunsa funso la bambo wosoka nsapato uja. Ndinati, "Inu mukalakwa amakudzudzulani ndani?" Sanakwiye. Anati ali ndi komiti ya akulu asanu, ndipo zaka zingapo zapitazo komitiyo inawakhazikapo pansi miyezi itatu chifukwa cholankhula mwachipongwe kwa mkulu wina pagulu. Ananena okha, osafunsidwa zambiri. Ndinafunsanso za anthu amene anachoka mumpingomo. Anati alipo angapo, n'kundilozera kasitolo kogulitsa misomali ndi utoto pafupi ndi siteji. Anati mwini wake ankatsogolera kwaya, anachoka chaka chatha. Ndinapita komweko ndekha, ndinagula timisomali tosafunika kuti ndipeze poyambira. Bamboyo anati, "Abusa aja zina amalalikira zisanapse bwino, n'chifukwa chake ndinachoka. Koma mwana wanga atamwalira, ndili kale kumpingo wina, anabwera ndi kwaya yonse kudzakhala nafe pa maliro. Utoto wa nyumba yawo anagula muno."

Ndinatuluka m'sitolomo. Ndinakhala pa mwala pambali pa siteji, makondakitala akuitanira Limbe, Limbe, ine osakwera. Zinali ngati ndatula thumba la simenti limene ndinalisenza miyezi isanu. Limbani anandipeza pamenepo, anali akunditsatira chapatali. Anagwada pambali panga, fumbi lonselo ndi buluku lake la Lamulungu. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kopopera katsopano, kofanana ndi kako. Anati, "Bambo, aka ndimayenda nako ine. Ndinagula tsiku limene anandiuza zoti akufuna kusiya. Ndinamuuza kuti pa nkhani imeneyi abusa sindigwirizana nawo." Ndinayang'ana kumbali ngati ndikuona minibasi, kuti asaone maso anga. Ndinamupempha kuti asakuuze kuti ndinabwera, ndipo waonetsa kuti amasunga mawu.

Ndiye ukupita ku mpingo umene uli ndi chiphunzitso chimodzi chimene ine ndikuti n'cholakwika. Mwina zilipo zina zimene sindinazimve. Usachimeze chifukwa chokonda mwamuna wako kapena chifukwa choopa kuoneka wachilendo. Mankhwala ako uzimwa, kopopera kazikhala m'chikwama, ndipo ana Mulungu akadzakupatsa, akadwala uzithamanga nawo kuchipatala uku ukupemphera m'njira. Wina akadzakuuza kuti mphumu yako ndi temberero la kwathu, umuuze kuti abwere adzafunse ine. Uziwerenga Malemba wekha, mutu wonse, osati kavesi kamodzi kamene wina wakusankhira. Ukamva chosamveka, ufunse mwaulemu koma ufunse ndithu. Ukhale pafupi ndi Mayi Likoswe, mayi amene uja ndi mpanda. Koma usawanyoze anthu amenewo, ndipo usalole kuti ife a kuno tiwanyoze pamaso pako. Ndi abale ako mwa Khristu amene aphonya pena, monga ifenso timaphonyera pena.

Chimene ndikupempha n'chakuti maso akhale otsegula, chifukwa mipingo imasintha. Lufeyo nayenso sanayambe ndi kope lolembamo zinsinsi za anthu, anayamba ndi ndowa ya ufa. Abusa a Nampinga ndawaona kuti ndi munthu womva, koma mawa kungabwere wina, kapena iwo omwewo angakule mutu anthu akachuluka. Tsiku limene udzaone kuti Mayi Likoswe ayankha ndipo palibe waseka, sabata yotsatira mpando wawo uli wopanda munthu ndipo mwauzidwa kuti musawayendere, udzadziwe kuti zinthu zatembenuka. Tsiku limene udzauzidwe kuti amayi ako ndi chopinga, kapena kuti opulumuka ndinu nokha m'Blantyre yense, kapena kuti wochoka adzafa, usadzadikire kuti upeze vesi limene aphonya. Ine ndinadikira vesi, ndipo ndinafika anthu akuchokera kumanda. Udzamugwire dzanja Limbani n'kutuluka. Akadzakana, udzatuluke wekha kaye, iye adzakupeza.

Ndipo zikadzachitika kuti wogwidwayo si iwe koma munthu amene umamukonda, kaya mwamuna wako, kaya mwana wako, usadzachite zimene ine ndinachita kwa azakhali ako. Udzachite zimene amayi ako anachita kwa ine. Sanalowe nawo, sananamizire kuti akugwirizana nazo, koma sanandithamangitse. Chikhala kuti anandinyoza n'kulongedza katundu, mawu a Mtumiki akuti kunja kulibe wondikonda akanakhala oona, ndipo sindikanakhala ndi kobwerera. Munthu amatuluka m'kagulu kotere akadziwa kuti kwinakwake kuli anthu amene sadzamufunsa kuti, paja tinkakuuza? Kumbukira zimenezi, Yankho, ngakhale zina zonse utaiwala.

Nkhani ya ku Ndirande sindinaiuzepo munthu wa m'badwo wako. Ukafuna, umuwerengere Limbani kalatayi, ali ndi ufulu wodziwa chifukwa chimene ndinamuvutitsira. Umuuzenso kuti sindinapepese bwinobwino tsiku lija pa siteji, koma ndidzapepesa pamaso akadzabwera.

Mawa ndikakupereka m'manja mwake, ndisiya kukutchula kuti iwe. Udzakhala mayi wa pakhomo pako, woyenera ulemu wake, ndipo ngakhale bambo wokubala ayenera kudziwa zimenezo. Ndiyambiretu pano kuti lilime lizolowere.

Pitani bwino, mayi. Mulungu amene anandidikira ine nthawi yonse ija akuyang'anireni inu ndi amuna anu. Ine sindikuopanso.

Ndine,
Bambo anu